Acropolis Museum ku Athens: lowani kuno musanakwere phiri

Nyenyezi zisanu, ndipo sindikuikometsera ayi. Ngati muli pa tchuthi ku Athens, yambani mwalowa m'nyumba yosungiramo zinthu zakaleyi, phiri la Acropolis mukwere pambuyo. Pamwamba paja mukapeza mizati, dzuwa loswa mtengo ndi chinamtindi cha anthu, koma zosema zambiri zimene zinkakongoletsa akachisi aja anazitsitsa n'kuzisunga muno. Mukatsika sitima yapansi pa siteshoni ya Akropoli, n'kungoyenda pang'ono mwafika.

Nyumbayi inatsegulidwa mu 2009 ndipo pulani yake anajambula ndi Bernard Tschumi. Anaimanga pamwamba pa mabwinja a mudzi wakale, ndiye malo ena pansi anaikapo galasi moti poyenda umaona zipupa, zitsime ndi ngalande pansi pa mapazi ako. Amayi a kunyumba anayenda chonyang'ama, atandigwira mkono zolimba. Pansanjika zina palinso galasi lomweli, choncho azimayi thalauza kapena siketi yaitali ingakuthandizeni.

Chipinda cha zosema zakale kwambiri n'chimene chinandidya nthawi. Zosemazo sanazitsamiritse ku khoma, zaima poyera, umatha kuzizungulira. Pali mwamuna wosenza mwana wa ng'ombe pamapewa, wosemedwa cha m'ma 570 BC. Manja ake ndi miyendo ya kamwana kang'ombeko zapingasana pachifuwa, nkhope yake ikumwetulira pang'ono. Palinso atsikana amwala amene utoto wofiira ukuonekabe m'tsitsi mwawo, umboni wakuti zosema za Agiriki sizinali zoyera mbee monga timaziona pa zithunzi. Aperisiya atawononga Acropolis mu 480 BC, eni mzinda anakwirira zosema zophwanyikazo paphiri pomwepo, ndipo dothi ndi limene linasunga utotowo mpaka zinafukulidwa m'zaka za m'ma 1800. M'chipinda chimenechi kujambula n'koletsedwa, alonda amachita kukuyang'anitsitsa.

Kenako mumafika pa ma Caryatid, akazi amwala amene ankasenza denga la khonde la kachisi wa Erechtheion pamutu, monga mayi wochokera kumjigo. Muwazungulire mukaone kumbuyo. Tsitsi lawo analiluka lochindikala kutsikira pamsana kuti khosi lisathyoke ndi kulemera kwa denga. Analipo 6, koma muno muli 5. Malo a winayo anawasiya opanda kanthu chifukwa iye ali ku British Museum ku London.

Nkhani imeneyi imakula mukakwera pansanjika yomaliza. Chipinda chonsecho n'chagalasi, ndipo anachitembenuza kuti chiloze kumene Parthenon, kachisi wamkulu wa paphiripo, waloza, moti kachisiyo umamuona pawindo kwinaku ukuyang'ana zosema zake. Anamangidwa pakati pa 447 ndi 432 BC, n'kudzaphulika mu 1687 pamene asilikali a ku Venice anaombera onga umene Aturuki anasungamo. Mzere wa zosema wozungulira kachisiyo unali wotalika mamita 160, ndipo anauyala muno m'ndondomeko yake: okwera pamahatchi, ng'ombe zopita kunsembe, milungu itakhala pamipando. Miyala yeniyeni ndi yofiirira, pamene zidutswa zoyera mbee ndi zoumba za pulasitala zoimira zimene Lord Elgin, kazembe wa Britain, anatenga kuyambira mu 1801, zomwe pano zili ku British Museum. Pali malo ena pamene mwala umodzi unagawika, chidutswa chili ku Athens chinzake ku London. Palibe chikwangwani chokalipa, koma zoyerazo zachuluka moti ine ndinatuluka nditakhala kumbali ya Agiriki amene akufuna kuti zosemazo zibwezedwe. Vatican inabweza zidutswa zake zitatu mu 2023, enawo akudikira chiyani?

Za tikiti samalani: ya muno ndi yosiyana ndi yokwerera phiri. Gulani pa webusaiti ya nyumbayi kapena pakhomo, chifukwa ogulitsa ena a pa intaneti amaonjezapo yawo. Zikwama zikuluzikulu mumasiya polowera. Zolemba zofotokozera zili m'Chigiriki ndi Chingelezi, zomveka bwino ngakhale mulibe wokuperekezani. M'mawa magulu a alendo amadzaza pa ma Caryatid mpaka kusowa poponda, ndiye ngati mungathe pitani Lachisanu madzulo, tsiku limene amatseka mochedwa. Patulani maola atatu, kuphatikizapo khofi pakhonde la lesitilanti yawo, pamene pamaoneka phiri lonse. Ana aang'ono akhoza kutopa msanga, koma pali Acropolis yomangidwa ndi tizidutswa toseweretsa ana ta Lego imene ingawatonthoze.