Maloboti a m'kalasi patapita miyezi yambiri: zimene taona ku Mabvuku

Sukulu yathu ya pulayimale ku Mabvuku, kumene ana ambiri ndi zidzukulu za anthu amene anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito kuno ku Harare, inagula maloboti ang'onoang'ono a matayala awiri kumayambiriro kwa chaka. Popeza chidwi cha masiku oyamba chija chinazilala, tsopano ndikhoza kunena mosakokomeza pamene pagona phindu lake.

Malobotiwa amayendera malamulo amene ana amasanja pa kompyuta mofanana ndi mmene amachitira mu Scratch, pulogalamu yophunzitsira ana kulamula kompyuta imene inatuluka ku yunivesite ya MIT ku America mu 2007. Makolo ankayembekezera kuti ana awo asanduka akatswiri a makompyuta, koma kumene ine ndaona kusintha kwenikweni ndi pa masamu a giredi 6. Tayala la loboti ndi lalikulu masentimita 6.5 modutsa pakati, choncho likazungulira kamodzi limayenda masentimita pafupifupi 20, ndipo mwana akayeza yekha ndi rula, nambala ija ya 3.14, yochulukitsa ndi muyezo wodutsa pakati kuti tipeze muyezo wozungulira tayala, imasiya kukhala yongoloweza pamtima. Phunziro limene limandisangalatsa kwambiri ndi la kuyendetsa loboti mojambula thirayango ya mbali zofanana. Pafupifupi gulu lililonse limayamba ndi kulamula loboti kuti likhote madigiri 60, n'kudabwa likusochera, ndipo amakangana m'Chichewa chosakaniza ndi Chishona mpaka mmodzi atazindikira kuti pakufunika madigiri 120. Mkangano woterowo sindinaumvepo pophunzitsira pa bolodi.

Zovuta ziliponso. Kachipangizo kothandiza loboti kutsatira mzere wakuda pansi kamadalira kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa infrared, motero dzuwa likalowa pawindo loboti limataya njira, ndipo pasimenti yopaka polishi matayala amaterereka mpaka kusokoneza miyezo yonse. Ife tinayala mapepala olimba kutali ndi mawindo. Magetsi akathima usiku mabatire sadzaza, phunziro la m'mawa n'kufera pomwepo.

Ana atatu pa loboti limodzi ndiwo okwanira, wina kulemba malamulo, wina kuyeza, wina kulemba zotsatira, n'kumasinthana, chifukwa akapitirira pamenepo ochenjera pakamwa amalanda kompyuta ndipo amanyazi amangoonerera. A giredi 7 okha ndiwo sanapindule mokwanira, poti mayeso a ZIMSEC, bungwe loyendetsa mayeso m'Zimbabwe, atayandikira nthawi yonse inapita ku kubwereza. Sukulu imene ikufuna kugula iyambe yawerengera ndalama za mabatire apadera ndi matayala osinthira isanaganize za chiwerengero cha maloboti.