Miyezi 14 ndikulipira kampani yothandiza kukweza score ya ku CRB, nazi zimene ndaona

Dzulo madzulo tili pakhonde ndi alamu anga amene anabwera kuchokera ku Katete kudzagula masaka okololera, foni inalira, kuyang'ana ndi meseji ya ku banki ati K200 yachoka pa akaunti. Alamu ataona nkhope yanga yasintha anandifunsa kuti, "Alamu, kodi za score zija mukali kulipira? Zinakuthandizani, kapena ine ndisayambe n'komwe?" Ndinawayankha mwachidule chabe chifukwa nsima inali itapsa, koma usiku nkhaniyi inandisowetsa tulo, ndiye ndati ndiilembe yonse bwinobwino.

Amene munawerenga zomwe ndinalemba mu April 2024 mukumbukira kuti ndinayamikira kwambiri. Ndinali nditangolembetsa ku kampani ina ya ku Lusaka yomwe ili ndi ejenti wake kuno ku Chipata, pa K150 pamwezi, iwo amakutengera lipoti yako ya ku CRB (Credit Reference Bureau, kumene kumasungidwa mbiri ya nkhongole za anthu) mwezi ndi mwezi, kukukumbutsa masiku olipira nkhongole, kukupatsa mlangizi pa WhatsApp, komanso analonjeza kuti pakapezeka cholakwika pa lipoti adzathamanga nacho okha. Score yanga, ndiye kuti mulingo woonetsa mmene ndimabwezera nkhongole, sinali yoipa ayi, pa app yawo inali pa good. Koma ndimafuna ifike pa excellent chifukwa ndinali ndi maganizo otenga loni yogulira lole ya Canter yoti izitinyamulira soya ndi nshawa kuchokera ku Chipangali ndi ku Vubwi, ndipo wa ku banki anali atandiuza poyera kuti chiwongoladzanja chimene angandipatse chimadaliranso mbiri yanga ya kabwezedwe.

Ndiyambe ndi chinthu chimene ambiri kuno sitikuchimvetsa. Munthu akamva CRB amaganiza ndi buku la anthu othawa nkhongole basi. Sizili choncho, mumalembedwa zabwino ndi zoipa zomwe, loni iliyonse ya ku banki kapena ku ma microfinance, unatenga liti, ukubweza bwanji, unachedwa masiku angati, ndiponso amene anafufuzapo dzina lako. Lamulo lake ndi Credit Reporting Act ya 2018, oyang'anira ndi Bank of Zambia, ndipo bungwe losunga mbirizi limene mabanki ambiri amafunsako ndi TransUnion. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti amake ana kunyumba kuno akhala mu village banking ya azimayi a pa Kapata market zaka zisanu osaphonyapo ngakhale mwezi umodzi, chilimba nachonso amaponya nthawi yake, koma zonsezo ku CRB sizioneka. Kaloba, nkhongole ya katapila ija, nayenso saoneka, kaya wabweza bwino kaya wathawa.

Zimene zinagwira ntchito ndizinena mwachangu. Mameseji okumbutsa amabwera masiku atatu tsiku lolipira lisanafike ndipo sanaphonyepo. Lipoti imafika mwezi uliwonse, yowerengeka bwino pafoni. Malangizo a mwezi woyamba analinso anzeru: ndisiye titingongole ta pafoni tija timatenga pakati pa mwezi tikashota, overdraft ndisamaikokolole yonse, ndisamapite ku mabanki atatu anayi sabata imodzi kukafunsira loni chifukwa aliyense akafufuza dzina langa zimalembedwa ndipo zimaoneka ngati munthu wapanikizika, komanso akaunti yanga yakale ndisaitseke. Mu 2024 ndi chilala chija, magetsi akuzima tsiku lonse, kuntchito kwathu malipiro anachedwa kawiri, ndipo meseji yokumbutsa ija ndiyo inandithamangitsa kukabwereka kwa amake ana n'kulipira tsiku lisanapitirire. Pamenepo ndiwayamikira ndithu.

Manje vuto. Pa lipoti yoyamba yomwe panatuluka kankhongole ka K312 ku microfinance ina yake, kolembedwa kuti ndachedwa nako miyezi yoposa itatu. Loni imeneyo ndinaitenga 2022 yofolera nyumba malata ndipo inatha mu 2023, imadulidwa pa payslip. Nditafufuza ndinapeza kuti kuntchito anandidula ndalama ya mwezi womaliza nthawi yake, koma anaitumiza mochedwa, ndiye a microfinance anaika penati, osandiimbira foni, osanditumizira ngakhale kameseji. Kandalama kochepa chonchi ndi kamene kanagwira score yanga mwendo.

Mlangizi wa pa WhatsApp anati, "Bwana musadandaule, ichi n'chaching'ono, tumizani ma payslip tichita handle." Ndinatumiza. Mwezi unatha, lipoti yabwera, K312 ili pompo. Ndamufunsa, ati system ikuchita update. Mwezi wina chimodzimodzi. Mu July ndinatopa, ndinapempha chilolezo kuntchito n'kupita ndekha ku ofesi ya microfinance ija mtauni. Ndikukumbukira bwino tsikulo, magetsi kunalibe, jenereta ati yatha mafuta, anthu tinadzaza pa benchi mpaka ena panja, mtsikana wa pa desiki akugwira ntchito pa laputopu yotsala pang'ono kuzima, uku akudzikupiza ndi faelo. Anayang'ana ma payslip anga atatu amene ndinawasunga mu pulasitiki ya shuga kuopa fumbi, anavomera kuti inde ndalama inadulidwa nthawi yake, koma anati penati sangaichotse iye, ndi za ku head office. Ndinaona kuti tikakangana zitenga chaka, ndiye ndinatulutsa K312 m'thumba n'kulipira ngakhale mlandu sunali wanga, anandilembera lisiti la pamanja, ndipo patapita sabata ndinakatenga clearance letter yodinda chidindo. Ndinabwerera kunyumba mtima uli m'malo.

August lipoti yafika, K312 ikali pompo, ndipo masiku ochedwa awonjezeka. September chimodzimodzi. Apa ndiye ndinakwiya zenizeni, ndili ndi lisiti, ndili ndi kalata yonena kuti ndilibe nkhongole, koma pepala limene mabanki amawerenga likunena zina. Ndinabwererako kanayi konse. Ulendo wachitatu mpamene mnyamata wina wa mkati anandifotokozera kuti fayilo yopita ku CRB imatumizidwa mwezi ndi mwezi kuchokera ku Lusaka, ndipo lisiti langa la pamanja la tsiku lopanda magetsi lija silinalowetsedwe mu kompyuta, ndiye mwezi uliwonse makina amangotumiza zakale zomwezo. Nthawi yonseyi anthu amene ndimawalipira K150 kuti athamange ndi zoterezi yankho lawo linali limodzi, "tikutsatira bwana", mwina kutumiza kachithunzi ka manja opemphera.

Amene anandithandiza kwenikweni ndi amayi ena achikulire ogwira ntchito ku banki yanga, amene sindinawalipire ngwee. Ndinapita kukatenga stetimenti, m'kucheza ndinawadandaulira, iwo anati, "Mwana wanga, n'chifukwa chiyani ukudutsira mwa anthu ena? Lamulo limakupatsa iwe mwini mphamvu yotsutsa cholakwika pa lipoti yako, lemba wekha ku bureau, ikapo fotokope ya chitupa chako cha NRC, lisiti ndi clearance letter. Ndipo lipoti yako uli ndi ufulu woitenga ulere kamodzi pachaka." Anandiuzanso kuti ndilembe dandaulo lina kwa manijala wa microfinance, ndisunge kope yodindidwa kuti alandira, ndipo ndinenemo kuti zikapanda kukonzedwa ndikadandaula ku Bank of Zambia. Ndinachita zomwezo mu October. Sabata isanathe manijala anandiimbira yekha foni n'kupepesa, ndipo lipoti ya December inatuluka yoyera, loni ija yolembedwa kuti inatsekedwa.

Score sinalumphe tsiku lomwelo ayi, inakwera pang'onopang'ono, mpaka mu February 2025, sabata ya Nc'wala, mpamene app inaonetsa excellent. Ndinasangalala kwambiri moti ndinaiwala mkwiyo wonse, ndinamulembera mlangizi uja kumuthokoza, ndipo akanandifunsa tsiku limenelo ndikanati aliyense alembetse.

Ku banki nako zinayenda mosiyana ndi kale. Fomu ya loni ya Canter inavomerezedwa m'masiku asanu, sanandifunse guarantor wachiwiri ngati mmene ananenera mu 2024, ndipo ndalama imene ndinapempha anandipatsa yonse osadulako. Koma pa chiwongoladzanja ndinakhumudwako, chifukwa pamene ine ndimalimbana ndi K312, Bank of Zambia inali ikukweza policy rate, chiwongoladzanja chake chimene mabanki amatsatira, mpaka kufika pa 14.5 peresenti mu February momwemo, ndiye mabanki nawo anakweza, zimene ananditsitsira chifukwa cha mbiri yabwino zambiri zinamezedwa mmenemo. Wa maloni anandiwerengera pa kalikuleta kuti ndikanakhala pa good bwenzi ndikulipira pafupifupi K260 yowonjezera mwezi uliwonse kwa zaka zitatu. Si ndalama yochepa. Kotero kukweza score kuli ndi phindu, pamenepo sindikukayika. Funso langa lili pa kampaniyi, kuti pa phindu limeneli gawo lawo ndi liti.

Ndawerengera usiku wathawu. Miyezi 9 pa K150 ndi K1,350. Mu January anakweza kufika K200 osandiuza, ndinangoona pa stetimenti, miyezi 5 ndi K1,000. Zonse K2,350, osawerengera K312 ija, mafotokope ndi masiku amene ndinajomba kuntchito. Malangizo onse othandiza anandipatsa mwezi woyamba, zotsatirazo kunali kubwereza zomwezo. Kukumbutsa masiku, kalenda ya pafoni imachita ulere. Ntchito imodzi yokha yolemetsa imene ndimawafunira, yokonza cholakwika, ndinaigwira ndekha ndi miyendo yanga mothandizidwa ndi amayi a ku banki aja.

Chimene chandilembetsa lero makamaka ndi kasiyidwe kake. Mu March nditatenga loni ndinauza mlangizi kuti zikomo, ndafika pomwe ndimafuna, mundichotse. Anati pamafunika notisi yolemba ya masiku 30. Chabwino, ndinalemba, ndinakasiya kwa ejenti wawo, anasaina pa kope yanga. April anadula, ndinati ili mkati mwa notisi, palibe kanthu. Koma iyi ya dzulo ya May ilibe chifukwa chilichonse. M'mawa uno ndaimba kawiri, ejenti akuti kalata anatumiza ku Lusaka, a ku Lusaka akuti sanailandire, mlangizi wawerenga meseji yanga koma sanayankhe.

Alamu ndawauza tikumwa tiyi kuti ayambe atenga okha lipoti yawo ya ulere aione mzere ndi mzere, makamaka maloni akale odulidwa pa payslip ndi aja anasainira anzawo ngati guarantor. Ngati sakuimvetsa kawerengedwe kake alipire miyezi iwiri kapena itatu kuti wina awafotokozere, koma alipire pamanja kapena pa mobile money, asasaine DDACC yoti kampani izidzitengera yokha ku akaunti ngati mmene ndinachitira ine. Mawa 8 koloko ndikhala ndili pa mzere ku banki kukaimitsa DDACC imeneyo, kope ya notisi yosainidwa ndaiika kale mu pulasitiki ija pamodzi ndi ma payslip, ndipo K200 ya May ndikuifuna ibwere.