Magaidi a pa Likhubula kwa ife okonda kujambula phiri la Mulanje

Anzanga ambiri akaona zithunzi zanga za ku Mulanje funso limakhala limodzi, kamera yake ndi yanji imeneyi. Kamera ndi yakale ndithu, ndinagula kwa munthu, lenzi imodzi basi, ndipo zina zomwe anthu amazikonda kwambirizo ndi za pafoni. Ndiye lero ndati ndikambe za chomwe chimandithandiza zenizeni, ntchito ya magaidi (olondolera njira) ndi mapota (onyamula katundu) a pa Likhubula. Ndakwera nawo kanayi miyezi yosiyanasiyana ndipo ndaona kuti kwa munthu wojambula, gaidi ndi amene amapangitsa kuti utsike ndi chithunzi kapena utsike ndi miyendo yowawa yokha.

Kafikidwe nkosavuta. Minibasi kuchoka ku Limbe mpaka pa Chitakale, kenako njinga yamoto kulowera msewu wa ku Phalombe mpaka pa Likhubula pomwe pali ofesi ya zankhalango. Gaidi mukapezere pamenepo, osati kungotengana ndi aliyense amene wakuthamangirani mukutsika minibasi, ndipo mtengo wa pa tsiku mugwirizane musananyamuke, wa gaidi padera wa pota padera, chifukwa mitengo yasintha kangapo chiyambireni ine kupitako.

Ulendo woyamba unali kumapeto kwa Epulo ndipo ndinene mosabisa, sunandisangalatse. Mnyamata yemwe ndinapatsidwa anali waulemu, njira amaidziwa bwinobwino, koma anazolowera alendo ofuna kungofika pa hut, kanyumba kogonamo alendo pamwamba pa phiri, nkupuma. Tinadzera njira ya Chapaluka, pa Dziwe la Nkhalamba tinafika dzuwa lili paliwombo, madzi akuthwanima mpaka chithunzi kungoyera mbee, ndiye ndikati tidikire pang'ono iye maso pa wotchi. Pota naye anali atatsogola kalekale ndi chikwama momwe munali tripod, choimikapo kamera cha miyendo itatu. Nthawi ya masika imeneyo phiri limakhala lokongola zedi, udzu udakali wobiriwira, mitsinje yodzaza koma yoyera, mpweya wopanda fumbi moti umaona kutali mpaka nyanja ya Chilwa, koma ine ndinangodutsa ngati ndikuthamangira maliro. Ndinaphunzirapo kuti pa ofesi paja uyenera kunena poyera kuti ndabwera kudzajambula, ndiyenda pang'onopang'ono, ndidzuka usiku, ndipatseni munthu woleza mtima. Ndipo chilichonse chojambulira chizikhala pamsana pako kapena pota aziyenda pafupi nawe.

Ulendo wachiwiri, mu Julaye, ndi pomwe ndinakumana ndi achimwene omwe ndakhala ndikuyenda nawo mpaka pano. Ndi bambo wachikulire pang'ono, wa mudzi wa m'munsi mwa phiri momwemo, anayamba ngati pota. Kamera sanaigwirepo koma kuwala amakudziwa kuposa ine. Tsiku loyamba anangoyang'ana mmene ndimaimira, zomwe ndimaloza, basi madzulo pa Chambe hut akundiuza kuti achemwali mawa 4 koloko mukhale mutavala, pali pena pake ndikufuna mukaone dzuwa lisanatuluke. Kunja kunali kuzizira koopsa, udzu utachita kuyera ndi chisanu, zala osamveka. Tinayenda ndi tochi mwina mphindi 40 nkukhala pa mwala. Kutayamba kucha ndinaona mitambo yonse ili pansi pathu, yadzadza chigwa chonse ngati thonje loyanika, nsonga zokha za phiri zitatulukira pamwamba, kenako dzuwa linamenya thanthwe la Chambe nkulisandutsa lofiirira kwa mphindi zochepa chabe. Ndinajambula manja akunjenjemera ndipo mpaka lero chithunzi chimenecho ndi chomwe chili pakhoma kunyumba. Ndekha malo amenewo sindikanawadziwa, komanso ola lake sindikanalidziwa.

Miyezi yozizirayi vuto ndi chiperoni. Amene mumakhala ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre mukuchidziwa, nkhungu ndi kamvula kowaza kochokera mbali ya ku Mozambique, dzina lakenso linachokera ku phiri la Chiperone la komweko. Pamwamba pa Mulanje chimabwera mwachangu moti malo omwe umawaona bwinobwino pakangopita kanthawi sukuonanso ngakhale mnzako ali patsogolo. Titafika pa Chisepo hut cholinga chinali Sapitwa, mamita 3,002, nsonga yayitali kuposa zonse m'Malawi muno. M'mawa mwake kumwamba kunali koyera koma achimwene aja anayang'ana kummwera nkunena kuti lero ayi. Mtima unandiwawa, ndalama ndalipira, masiku ndi owerengeka. Isanakwane 10 koloko phiri lonse linali litatsekeka. Anthu anasowapo pa Sapitwa ndipo ena anapezeka atamwalira, si nkhani yongoopsezana. Tinakwera mawa lake, kukwawa m'mipata ya miyala, pena kuchita kupatsirana kamera pamanja, ndipo kuchokera pamwambapo Mozambique amaoneka ngati pakhomo pomwepa. Pa chifukwa chimenechi chokha ndingawapatse bambowa mamakisi onse.

Za ma hut mwachidule: muli alonda, nkhuni ndi malo osonkhapo moto, madzi ndi a mumtsinje ozizira bwino. Chakudya ndi chofunda nyamulani zanu. Zotchaja musadalire kumeneko, tengani pawabanki, ndipo mabatire a kamera muzigona nawo m'thumba la jekete chifukwa kuzizira kumawamaliza msanga. Mukachoka panja pozizira osalowa ndi kamera pafupi ndi moto nthawi yomweyo, lenzi imachita nthunzi mkati, isiyeni m'chikwama kaye. Netiweki ndi ya apo ndi apo.

Kumapeto kwa Seputembala ndinabwereranso ndipo ndinakhumudwa tsiku loyamba. Chilimwe chimenechi mlengalenga mumadzaza utsi ndi fumbi, moto wolusa uli ponseponse, zakutali zonse zimangooneka mbuu. Ndinkafuna kungobweza kamera m'chikwama. Koma apa ndi pomwe ndinaona kuti gaidi wabwino amatha kukusinthira maso. Anati zakutali zisiyeni, yang'anani pafupi. M'munsi mwa phiri mitengo ya mombo inali itaphuka masamba atsopano ofiira ngati yapakidwa utoto, pamwamba pa lupsa pakuda bii panali patamera kaudzu kanthete kobiriwira, m'miyala muli cheyo chija amapangira timaburashi totsukira, mapesi ake akuda ataima okhaokha. Madzulo dzuwa limalowa lofiira psuu, lozungulira bwinobwino, umatha kulijambula osathobwa m'maso chifukwa cha utsi womwewo.

Ulendo umenewu ananditengeranso komwe kunali nkhalango ya mkungudza. Abale, pamenepa ndinajambula mtima ukupweteka. Mtengo umenewu mwachilengedwe umamera pa Mulanje pokha, ndi mtengo wa fuko lathu kuyambira 1984, koma chomwe chatsala malo ambiri ndi zitsa ndi mitengo youma yotuwa, macheka ndi moto zinamaliza. Bamboyu amaloza kuti apa ndili mnyamata munali mdima masana. Anandionetsanso mbande zomwe a Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anthu a m'midzi yozungulira akhala akudzala, tina tafika m'chiuno, ndipo anandipempha kuti ndijambulenso timeneti osati zitsa zokha. Ndinatero.

Dzinja ndinapita mu Febuluwale ndipo sindingalimbikitse munthu woyamba kumene kuti ayambire nthawi imeneyi. Miyala imaterera, mtsinje omwe munawoloka m'mawa podumpha madzulo mumaupeza wakwiya, ndipo tsiku lina tinakhala pagombe maola awiri kudikira madzi atsike, gaidi osalola ngakhale kuyesa. Pota wa ulendo umenewu anachita kukulunga chikwama changa m'majumbo awiri osamuuza, ndipo palibe chinanyowa. Koma kukongola kwake eee, mathithi amatulukira paliponse m'matanthwe momwe chilimwe munali mouma, maluwa a m'udzu ali mbwee, mvula ikangokata kuwala kumakhala koyera ngati kwatsukidwa, ndipo minda ya tiyi ya mbali ya ku Lujeri imabiriwira moti anthu amaganiza kuti ndawonjezera mtundu pa foni. Kuwalako sikukhalitsa, mphindi 10 mwina, ndiye umafunika munthu wokuuza kuti tulutsani kamera pano, kutseguka posachedwa.

M'mbali mwa phiri zipsera za namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 zikuonekabe, mizere italiitali momwe munadutsa miyala ndi matope, chomwe akuluakulu amati Napolo. Ndisanajambule ndinafunsa kaye, chifukwa kwa anthu a kumeneko si malo okongola chabe, ena anataya abale. Apanso gaidi amathandiza, amakuuza poyenera kufunsa, poyenera kutsitsa mawu, ndi malo omwe anthu amawalemekeza chifukwa cha mizimu. Mu 2025 a UNESCO anaika phirili pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse makamaka chifukwa cha chikhalidwe chimenechi cha Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe, ndiye si bwino kumangoloza kamera paliponse ngati uli pa msika.

Chomwe ndingadandaule nchakuti ntchitoyi siyofanana, zimatengera wagwera m'manja mwa ndani, ndipo palibe njira yodziwiratu kuti uyu amamvetsa za ojambula pokhapokha ufunse kapena wina akuuze. Chinanso chimandikhudza ndi mapota, ena amakwera ndi nsapato zotha, opanda jekete la mvula, atasenza katundu wolemera. Musawanenerere mpaka kuwafinya, chakudya muwerengere ndi iwo omwe, ndipo ngati mwadzutsa munthu 4 koloko kuti mukajambule dzuwa muwonjezerepo kenakake potsika. Pa 5 ndikupereka 4, imodziyo yachoka chifukwa cha ulendo woyamba uja.

Mbali ya ku Phalombe sindinaijambulebe. Tagwirizana kale ndi achimwene aja kuti mwezi wa Meyi tidzalowere ku Fort Lister nkukagona pa Sombani hut, akuti m'mawa kuwala kumagwa bwino pa phiri la Michesi ndipo ndidzatenge mabatire atatu.