Pa Boma, ku Monkey Bay kapena ku Namwera: wosamukira ku Mangochi akhale kuti?

Anthu ambiri amene amalakalaka kusamukira ku Mangochi amakhala atafikako pa Khirisimasi kapena pa msonkhano wa kuntchito ku Nkopola, ndipo chimene chimawatsalira m'mutu ndi mchenga, chambo chootcha ndi kamphepo ka kunyanja. Komatu Mangochi ndi boma lalikulu, la anthu oposa 1.1 miliyoni malinga ndi kalembera wa 2018, ndipo amene wasamutsidwa pa ntchito, amene wapuma, kapena amene akufuna kuyamba geni ayenera kusankha malo enieni otsitsira katundu wake. Malo amene obwera amawaganizira kawirikawiri ndi atatu: tauni ya Mangochi, imene eni ake amangoti pa Boma, doko la Monkey Bay, ndi Namwera, kumtunda kwa njira ya ku Mozambique. Ine ndimaona kuti funso lakuti nyanja ili pafupi bwanji liyenera kudza pomalizira penipeni, pambuyo pa mafunso akuti ndalama zanu zizichokera kuti, chipatala chodalirika chili kutali bwanji, komanso ngati thupi lanu lingapirire dzuwa la Okutobala.

Choyamba chimene chimadabwitsa mlendo ndi chakuti pa Boma si pa gombe la nyanja ya Malawi ayi. Tauniyi, imene inali ndi anthu oposa 53,000 mu 2018, inamangidwa m'mbali mwa Shire pakati pa nyanja ya Malawi ndi ya Malombe, ndipo wofuna mchenga wa m'zithunzi uja ayenera kukwera galimoto n'kutsata msewu wa M10 kudutsa Mpondasi kulowera ku Maldeco. Atsamunda ankaitcha Fort Johnston, ndipo zizindikiro za nthawi imeneyo zikadalipo pafupi ndi mlatho: nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, mfuti ya sitima ya Gwendolen, ndi chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Monkey Bay ili pa mtunda wopitirira pang'ono makilomita 60 kumpoto kwa Boma, ndipo ndi yaing'ono kwambiri, ya anthu pafupifupi 15,000, yokhala pakati pa mapiri amiyala ndi madzi. Namwera ndiye ili kwina kotheratu: muwoloke mlatho wa Bakili Muluzi, mudutse M'baluku, mukwere zitunda zokhotakhota za ku Chowe, ndipo mukayenda makilomita pafupifupi 40 mudzafika pa malo a malonda ozunguliridwa ndi minda ndi maesiteti, kumene nyanja imangomveka m'nkhani.

Nkhani ya kutentha siyofunika kuipeputsa, chifukwa ndi imene imabweza anthu ambiri ochokera ku Dedza, ku Zomba kapena ku Mzuzu. Pa Boma, kuyambira Seputembala kufika mvula itagwa, nyumba ya malata yopanda siling'i imasunga moto wa masana mpaka pakati pa usiku, ndipo magetsi akazima, fani n'kuima, banja lonse limathera pa khonde kulimbana ndi udzudzu. Ku Monkey Bay nakonso kumatentha, miyala ya m'mapiri imabweza dzuwa, koma amene ali pafupi ndi madzi amapumako madzulo, ndipo miyezi ya Juni ndi Julaye mphepo ya mwera imaziziritsa dera lonse, ngakhale kuti asodzi amaiopa. Pa mfundo iyi Namwera imapambana popanda mtsutso. Chifukwa cha kukwera kwa malo, usiku wake ndi wozizira, mu Juni bulangeti limafunika, ndipo munthu wachikulire amene kutentha kumamufooketsa angachite bwino kuganizira kumeneko asanakopeke ndi gombe.

Pa za ntchito ndi ndalama, malo atatuwa amadya mosiyana. Pa Boma ndi pamene pali ofesi ya DC, khonsolo, khoti, polisi yaikulu, ofesi ya mapasipoti, nthambi za mabanki akuluakulu ndi mabungwe ambiri othandiza anthu, choncho malipiro a pa mwezi ndiwo amayendetsa msika, ndipo wogulitsa zovala, zomangira nyumba kapena chakudya amadziwa kuti kumapeto kwa mwezi zinthu ziyenda. Palinso ndalama ina imene obwera samaiwerengera poyamba, ndiyo ya ku Joni: mabanja ambiri a m'boma lino ali ndi mwana kapena bambo ku South Africa, ndipo nyumba zambiri zokongola zimene mungazione ku Kalonga, ku M'baluku ngakhale m'midzi ya kutali zinamangidwa ndi ndalama zotumiza. Amisiri omanga, owotcherera zitsulo ndi ogulitsa simenti amapindula nazo kwambiri.

Ku Monkey Bay chuma chagona pa madzi. Kumeneko n'kwawo kwa sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda pa nyanja kuyambira 1951, kuli malo okonzera sitima, kuli asilikali a pamadzi, kuli ofufuza za nsomba, ndipo kuseri kwa mapiri kuli Cape Maclear ndi mudzi wa Chembe, mkati mwa dera la Lake Malawi National Park, imene UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984. Zonsezi n'zabwino, koma ndalama ya alendo ndi ya nsomba ili ndi nyengo. Miyezi ya mvula alendo amachepa, mwera ukalimba maboti sapita, ndipo kumapeto kwa chaka boma limatseka usodzi wa makoka ena kuti chambo chiswane. Wotsegula sitolo kapena malo ogona kumeneko ayenera kukhala ndi mpamba wopirira miyezi yowuma, apo ayi adzatseka chaka chisanathe. Ku Namwera ndalama imabwera ndi zokolola, makamaka fodya, chimanga ndi mbewu za mtundu wa nyemba, kuphatikizapo malonda a pa chipata cha Chiponde, chimene chimayang'anizana ndi Mandimba ku Mozambique. Wodziwa kugula ndi kusunga mbewu angapeze bwino kumeneko, koma wofuna ntchito ya mu ofesi, kupatula uphunzitsi, zaumoyo ndi ulangizi wa zaulimi, asataye nthawi.

Chipatala ndicho chimandichititsa kukondera pa Boma pamene nkhani ili ya banja la ana aang'ono, mayi woyembekezera kapena kholo lodwaladwala. Chipatala chachikulu cha boma lonse chili pomwepo, ndipo ngakhale chimadzaza chifukwa chimalandira odwala ochokera mpaka ku Makanjira, pafupi pake pali zipatala zolipira ndi masitolo a mankhwala, komanso chipatala cha mishoni cha St Martin's ku Malindi sichili kutali. Monkey Bay ili ndi chipatala chake chaching'ono chimene chimathandiza zambiri, koma matenda akakula wodwala amatumizidwabe ku Boma, ulendo wa ola lathunthu kapena kuposerapo. Wa ku Namwera naye amatsika zitunda zomwe zija, ndipo kutsika Chowe usiku mvula ikugwa, muli ndi wodwala m'galimoto, si chinthu chimene munthu angachifune kawiri. Malungo ali paliponse m'malo atatuwa, koma m'mbali mwa madzi ndi ochuluka, ndipo kumeneko kumawonjezekera likodzo, limene limagwira ana okonda kusambira m'madzi odekha a m'mabango. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 anasautsa kwambiri boma la Mangochi, makamaka m'madoko a asodzi mmene zimbudzi zimavuta kukumba mu mchenga, choncho musanalipire lendi funsani ngati nyumbayo ili ndi mpopi wake ndi chimbudzi chake.

Za sukulu sindichulukitsa. Pa Boma pali sukulu zambiri zoti n'kusankhapo, za boma, za mishoni, za Chisilamu ndi za anthu wamba, palinso yunivesite ya DMI St John the Baptist. Ku Monkey Bay dzina lodziwika ndi sekondale ya Lisumbwi. Ndipo ambiri ogwira ntchito ku Namwera amene ali ndi kuthekera amatumiza ana ku sukulu zogonera komweko.

Nkhani ya nyumba ndi malo ndiyo ili ndi misampha yambiri. Lendi pa Boma ndi yokwera kuposa malo awiri enawo, chifukwa nyumba zabwino za mpanda amalimbirana ndi ogwira ntchito m'mabungwe, koma n'zotheka kupeza nyumba ya madzi a Southern Region Water Board ndi magetsi a ESCOM popanda kudikira miyezi. Ku Monkey Bay nyumba zotere n'zochepa, zambiri ndi za makampani ndi za boma, ndipo malo oyang'ana kunyanja mtengo wake unakwera kalekale chifukwa cha ogula ochokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Ku Namwera malo ndi otsikirapo mtengo ndipo mungapeze ndi munda womwe, koma madzi a m'nyumba si a aliyense, ambiri amadalira mjigo ndi zitsime. Kulikonse kumene mungasankhe, malo ambiri ndi a makolo, ali m'manja mwa mabanja ndi mafumu, a Mponda kuzungulira Boma, a Nankumba ku Monkey Bay ndi a Jalasi ku Namwera. Popeza kuno mtundu umatsata kuchikazi, malo amene akukugulitsani bambo wina angathe kukhala a mbumba ya mkazi wake kapena ya alongo ake, ndipo mwini mbumba akatulukira mutamanga kale, mlandu wake sutha msanga. Itanani abale onse okhudzidwa, a nyakwawa akhalepo, zilembedwe, kenako mupite ku ofesi ya za malo.

Palinso phunziro limene nyanja inapereka mu 2024, pamene madzi anakwera kufika pamene anali asanafikepo kwa zaka zambiri, n'kulowa m'nyumba, m'minda ndi m'malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja ndi mwa Shire. Ambiri amene anamanga pa malo amene madzi anaphwa m'zaka za chilala anaona makoma awo akunyowa mpaka kugwa. Wogula malo pa Boma kapena ku Monkey Bay afunse nkhalamba za pamudzipo pamene madzi anafika mu 1980 ndi mu 2024, ndipo amange kumtunda kwa pamenepo, ngakhale wogulitsa atalumbira motani. Wa ku Namwera nkhawa imeneyi alibe.

Ambiri amaganiza kuti ku Mangochi chambo n'chongotola, koma chambo chinachepa, cha ku Malombe chinatsala pang'ono kutheratu, ndipo chabwino chimakwera galimoto kupita m'mizinda ndi m'mahotela. Ndiwo ya tsiku ndi tsiku pa Boma ndi ku Monkey Bay ndi usipa, utaka, kambuzi ndi mcheni, ndipo pa izi wa ku Monkey Bay amadya zatsopano kwambiri. Masamba, tomato ndi mbatata zimavuta m'chigwa nthawi yotentha, ndipo zambiri zimachokera kumtunda, kotero wa ku Namwera amagula ndiwo zamasamba ndi chimanga motchipa koma nsomba amadya youma.

Pa mayendedwe, Boma lili pa mphambano. Msewu wa M3 wopita ku Liwonde, Zomba ndi Blantyre unakonzedwa, maminibasi sasowa, ndipo mkati mwa tauni, popeza ndi pachidikha, kabaza wa njinga yakapalasa kapena yamoto amakufikitsani paliponse. Amene abale ake kapena katundu wake ali ku Lilongwe angakonde Monkey Bay, chifukwa njira ya ku Golomoti yokwera Khwekhwerere kapena yodzera ku Salima imayambira chapafupi. Ku Namwera ulendo uliwonse wautali umayamba ndi kutsikira ku Boma.

Chimene chili chofanana m'malo onse atatu, ngakhale kukula kwake kumasiyana, ndi chakuti mukukakhala pakati pa Ayao, ambiri mwa iwo Asilamu. Pa Boma anthu ndi osakanikirana, Chichewa chimamveka paliponse, matchalitchi ndi mizikiti zili moyandikana, ndipo likulu la dayosizi ya Katolika ndi wailesi ya Radio Maria zili komweko. Ku Monkey Bay kuli Anyanja ambiri, Atonga amene anabwera ndi usodzi, ndi ogwira ntchito ochokera m'zigawo zonse, kotero mlendo sachedwa kuzolowera. Ku Namwera Chiyao ndicho chiyankhulo cha pamsika ndi pamaliro, ndipo wosafuna kuphunzira ngakhale moni adzakhala yekha nthawi yaitali. Paja amati mlendo ndi nkhuku yoyera: pa malo aang'ono aliyense amadziwa nyumba imene mwalowa, kumene mumamwera ndi mmene mumavalira. Kuweta nkhumba pakati pa anansi a Chisilamu, kudya poyera mosasamala m'mwezi wa Ramadan, kapena kunyoza zinamwali za jando ndi nsondo zimene zimachitika ana akatsekera sukulu, ndi zinthu zimene zingakudanitseni ndi mudzi wonse mosafunikira. Kupita kumaliro ndi kupereka chipepeso kumatsegula makomo ambiri kuposa udindo wanu wa kuntchito.

Tsono ine ndikanati wa ntchito ya pa mwezi ndi wa banja la ana ayambire pa Boma, apirire kutentha, nyanja azikaiona Loweruka. Monkey Bay ndi ya munthu amene chakudya chake chili pa madzi kapena pa alendo, kapena wopuma pa ntchito amene ali ndi galimoto yake ndi thanzi labwino. Namwera ndi ya mlimi, wogula mbewu ndi wamalonda a pa malire. Ena amasankha kukhala pakati, m'dera la Maldeco, Makawa ndi Nkopola, kumene gombe lili pafupi ndipo Boma silitalika, ndipo maganizo amenewo si oipa kwa amene ali ndi choyendera chake. Amene watumizidwa ku Makanjira, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera pa Boma, nkhani yake ndi ina, ndipo ambiri otero amasiya banja pa Boma chifukwa cha mmene msewu umavutira nthawi ya dzinja. Kulikonse kumene mwaloza, chitani lendi kaye mpaka muone Okutobala mmodzi ndi dzinja limodzi musanapereke ndalama ya malo.