Hamilton kapena Verstappen: tiwayeze ndi muyeso uti?

Kuno ku Zomba otsata mpikisano wa magalimoto wa Formula 1 ndife ochepa, moti Lamlungu masana timachita kuchonderera mwini malo kuti atisiyire kanema mmodzi pamene ena onse akuonetsa mpira wa ku England. Mwayi wathu ndi wakuti mipikisano yambiri ya ku Ulaya imayamba 3 koloko masana nthawi ya kuno, munthu atabwera kale kutchalitchi ndi kudya nsima. Koma kuchepa kwathuko sikutiletsa kugawanika. Achikulirepo, amene tinayamba kuonera masewerawa Michael Schumacher akadali ku Ferrari, ambiri tili mbali ya Lewis Hamilton, pamene achinyamata, makamaka ophunzira a ku Chirunga amene anayamba kutsata posachedwapa, salola kuti Max Verstappen ayerekezedwe ndi munthu wina aliyense. Ineyo ndakhala wa Hamilton kuyambira 2008, ndipo ndikuneneratu zimenezi kuti owerenga adziwe kumene mtima wanga wapendekera.

Ziwerengero n'zosavuta kutchula. Hamilton, amene anabadwa mu 1985, watenga ukatswiri wa dziko lonse kasanu n'kawiri, mu 2008 ali ku McLaren, kenako mu 2014, 2015, 2017, 2018, 2019 ndi 2020 ali ku Mercedes, ndipo pofika kumapeto kwa 2025 anali atapambana mipikisano 105. Verstappen, wobadwa mu 1997, watenga ukatswiriwu kanayi motsatizana kuyambira 2021 mpaka 2024, ndipo pofika kumapeto kwa 2025 anali atapambana mipikisano 71. Mikangano yathu yambiri imathera pa manambala amenewa, wina akuloza 7 winayo akuloza zaka 12 zimene zikuwasiyanitsa awiriwa. Vuto ndi lakuti m'masewera awa galimoto ndiyo imasenza gawo lalikulu la ntchito. Mercedes inatenga chikho cha matimu zaka zisanu ndi zitatu zondondozana, kuyambira 2014 pamene kunabwera mainjini ogwiritsa ntchito mafuta ndi magetsi pamodzi, mpaka 2021. Red Bull nayo mu 2023 inapambana mipikisano 21 mwa 22, ndipo 19 mwa imeneyi anapambana ndi Verstappen, kuphatikizapo 10 yotsatizana. Amene amati Hamilton ananyamulidwa ndi galimoto ayenera kunena zomwezo za 2023, ndipo amene amanyoza 2023 asaiwale 2020. Choncho muyeso umenewu ndikuusiya, chifukwa ukuwakweza onse awiri ndi kuwatsitsa onse awiri mofanana.

Muyeso umene ndimaukhulupirira kwambiri ndi wa dalaivala mnzake wa m'timu imodzi, popeza ndi munthu yekhayo pabwalo amene amayendetsa galimoto yofanana. Apa mbiri za anthu awiriwa n'zosiyana kotheratu. Hamilton analowa mu Formula 1 mu 2007 n'kupeza kuti mnzake ku McLaren ndi Fernando Alonso, amene anali atangotenga ukatswiri mu 2005 ndi 2006. Mnyamata wa zaka 22 anamaliza chakacho ndi mapointi 109, ofanana ndendende ndi a Alonso, ndipo onse awiri anatsalira ndi pointi imodzi yokha kumbuyo kwa Kimi Räikkönen. Atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo amene anachoka pakutha pa chaka anali Alonso. Kuchokera apo Hamilton wakhala ndi Jenson Button, katswiri wa 2009, kenako Nico Rosberg, George Russell, ndipo kuyambira 2025 Charles Leclerc ku Ferrari. N'zoona kuti ena mwa amenewa anamuposa: Button mu 2011, Rosberg mu 2016 ndi mapointi 5, Russell mu 2022 ndi 2024. Anzathu a Verstappen amakonda kuwerenga zaka zimenezi ngati milandu, koma ine ndimaziwerenga ngati umboni wakuti munthuyu sanathawe mayeso. Ndipo za 2016 tisaiwale kuti injini yake inapsa ku Malaysia akutsogola, komanso kuti Rosberg anasiya masewerawa patangopita masiku asanu atatenga ukatswiriwo, atanena yekha kuti analibenso mphamvu zobwereza nkhondo yotereyo.

Verstappen mbiri yake pa mfundo imeneyi ndi yochititsa mantha, koma ili ndi mpata. Analowa mu 2015 ali ndi zaka 17 ku Toro Rosso, timu yaing'ono ya Red Bull, ndipo mu 2016 anapambana ku Spain pa mpikisano wake woyamba ndi Red Bull, ali ndi zaka 18. Daniel Ricciardo anamuposa pa mapointi mu 2016 ndi 2017, koma chichokereni Ricciardo kumapeto kwa 2018, mpando wachiwiri wa Red Bull wasanduka manda a madalaivala. Pierre Gasly anatsitsidwa chaka chili pakati mu 2019, Alexander Albon anachotsedwa kumapeto kwa 2020, Sergio Pérez mu 2024 anapeza mapointi 152 pamene Verstappen anapeza 437, ndipo Liam Lawson mu 2025 anapatsidwa mipikisano iwiri yokha asanalowedwe m'malo ndi Yuki Tsunoda, amenenso sanaphule kanthu. Gasly ndi Albon si anthu wamba, chifukwa aonetsa luso lawo m'matimu ena, ndiye kusiyana kumeneku kukutiuza zambiri za Verstappen. Komabe palibe ndi mmodzi yemwe mwa anthu amenewa amene anali katswiri wa dziko lonse, ndipo timu yonse inamangidwa mozungulira munthu mmodzi. Sitinamuonepo Verstappen akudzuka m'mawa akudziwa kuti m'galaja yoyandikana nayo muli munthu wa msinkhu wa Alonso, wopatsidwa ufulu wofanana ndi wake. Ili si vuto lake, koma mpatawo ulipo ndithu.

Pa nkhani ya mvula sinditha kuwasiyanitsa. Aliyense amene anatsikapo ndi galimoto kuchokera ku Ku Chawe nthawi ya dzinja, chifunga chitaphimba msewu, akudziwa kuti pamalo poterera chimagwira ntchito ndi phazi la munthu ndi mtima wake. Hamilton ali ndi Silverstone ya 2008, pamene anasiya wachiwiri ndi nthawi yoposa mphindi yathunthu, komanso Turkey ya 2020 imene inamupatsa ukatswiri wachisanu n'chiwiri. Verstappen ali ndi Brazil ya 2016, ndiponso Brazil ya 2024 pamene anayambira pa nambala 17 n'kukapambana.

Tsopano tifike pa chilonda chimene sichipola, cha pa 12 December 2021 ku Abu Dhabi. Awiriwa anafika pa mpikisano womaliza ali ndi mapointi ofanana, 369.5 aliyense. Hamilton anatsogola pafupifupi mpikisano wonse, ndipo anali patali ndithu pamene Nicholas Latifi anawomba khoma kutatsala maulendo ochepa mwa 58 ozungulira bwalo. Galimoto yachitetezo, imene imalowa kutsogolo kuti onse achepetse liwiro pakachitika ngozi, italowa, Red Bull inamuitana Verstappen n'kumuikira matayala atsopano ofewa, pamene Mercedes sikanatha kuchita chimodzimodzi popanda kutaya malo oyamba. Woyang'anira mpikisano, Michael Masi, analola magalimoto asanu okha otsalira ndi ulendo wathunthu amene anali pakati pa awiriwa kuti adutse, kusiya ena amenenso anali atatsalira, ndipo anachotsa galimoto yachitetezo msanga kuposa mmene malamulo ankanenera, kuti papezeke ulendo umodzi wothamanga. Matayala a Hamilton anali atayenda maulendo oposa 40, ndiye zotsatira zake zinali zodziwikiratu. Bungwe loyendetsa masewerawa la FIA linamuchotsa Masi pa udindowo mu February 2022, ndipo lipoti lake linavomereza kuti panali kulakwitsa kwa munthu. Tsiku limenelo ndinayenda wapansi kubwerera ku Matawale osayankhula ndi aliyense, ndipo mpaka lero ndimakhulupirira kuti mpikisano umenewo Hamilton analandidwa.

Koma mpikisano umodzi si chaka chonse, ndipo apa ndimasiyana ndi anzanga a mbali yanga. Mu 2021 Verstappen anapambana mipikisano 10 pamene Hamilton anapambana 8. Tayala linamuphulikira ku Baku akutsogola, anawomba khoma mwamphamvu ku Silverstone atagundana ndi Hamilton, amene oweruza anamupeza wolakwa kwambiri n'kumupatsa chilango cha masekondi 10, ndipo ku Hungary galimoto yake inawonongeka pa ngozi imene anayambitsa Valtteri Bottas wa Mercedes. Munthu amene anataya mapointi ochuluka chotere popanda kulakwa kwake sangatchedwe katswiri wabodza. Cholakwa chinali cha woyang'anira, osati cha dalaivala amene anangogwiritsa ntchito mpata umene anapatsidwa. Chimene chimandivuta kwambiri ndi china: Red Bull inapezeka kuti chaka chomwecho inapyola malire a ndalama zimene timu imaloledwa kugwiritsa ntchito, ndipo inalipitsidwa madola 7 miliyoni ndi kuchepetseredwa nthawi yoyesera galimoto ndi 10 peresenti. Zimenezi anyamata a ku Chirunga safuna kuzimva.

Pa kayendetsedwe polimbirana malo, ndimaima ndi Hamilton mosazengereza. Naye anali ndi nyengo yake yosokonekera, makamaka 2011 pamene ankagundana ndi Felipe Massa mobwerezabwereza, koma anakula n'kuphunzira kusiyira mnzake malo. Verstappen amalowa pokhota ndi maganizo akuti mnzakeyo apatuke kapena agundane. Ku Mexico mu 2024 analandira zilango ziwiri za masekondi 10 chifukwa chokankhira Lando Norris wa McLaren kunja kwa msewu. Ku Spain mu 2025 anagunda galimoto ya Russell atapsa mtima, ndipo chilango chake chinamutsitsa kuchoka pa nambala 5 kufika pa nambala 10, kutanthauza mapointi 9 otayika. Chaka chimenecho Norris anatenga ukatswiri ndi mapointi 423, Verstappen ali ndi 421. Omukonda amati ukali umenewu ndiwo umamupanga kukhala chimene ali, koma masamuwa akuonetsa kuti mkwiyo wa mphindi imodzi unamudyera ukatswiri wachisanu.

Ngakhale zili choncho, zaka ziwiri zomwezi, 2024 ndi 2025, ndizo zasintha maganizo anga pa munthuyu kuposa zaka zimene ankapambana mosavuta. Mu 2024 Red Bull inamaliza pa nambala 3 pa chikho cha matimu, kumbuyo kwa McLaren ndi Ferrari, koma dalaivala wake anatengabe ukatswiri. Mu 2025 McLaren inali ndi galimoto yoposa zonse, Adrian Newey amene ankakonza mapulani a magalimoto a Red Bull anali atapita ku Aston Martin, ndipo Christian Horner anachotsedwa pa utsogoleri wa timuyo mu July. Utatha mpikisano wa kwawo ku Zandvoort, ku Netherlands, Verstappen anali kumbuyo kwa Oscar Piastri wa McLaren ndi mapointi 104, ndipo ine ndinali mmodzi mwa amene anati nkhani yatha. Anamaliza chakacho atapambana mipikisano 8, kuposa Norris ndi Piastri amene anapambana 7 aliyense. Funso limene ndinkafunsa kwa zaka zambiri, lakuti adzatani galimoto ikadzasiya kumunyamula, linayankhidwa pamaso panga.

M'nyengo yomweyo Hamilton wakhala akutsika, ndipo zimandipweteka kulemba zimenezi. Sanapambane mpikisano uliwonse mu 2022 ndi 2023. Kupambana kwake ku Silverstone mu 2024, kachisanu n'chinayi pabwalo limenelo, kunatigwetsa misozi ambiri a ife, koma chaka chake choyamba ku Ferrari chinali chowawa: kupatula mipikisano yaifupi ya Loweruka ku China ndi ku Miami, sanafike ndi kamodzi komwe pa atatu oyambirira, pamene Leclerc, ndi galimoto yomweyo, anamuposa ndi mapointi oposa 80. Ngati ndagwiritsa ntchito muyeso wa mnzake wa m'timu pomukweza, chilungamo chikufuna kuti ndiugwiritsenso ntchito pano.

Pali chifukwa china chimene ambiri kuno timamukondera Hamilton, chimene sichikhudza liwiro. Iye ndiye munthu wakuda yekhayo amene wathamangapo mu Formula 1, bambo ake ankagwira ntchito zingapo nthawi imodzi kuti mwana wawo apeze zothamangira, ndipo wakhala akunena poyera kuti Africa iyenera kukhala ndi mpikisano wake, popeza womaliza unachitikira ku Kyalami, ku South Africa, mu 1993. Chikondi chimenechi n'choyenera ndipo sindichita nacho manyazi, koma sichichotsa sekondi ndi imodzi yomwe pa wotchi, ndiye tisamachilowetse pa mkangano wa amene amathamanga kwambiri.

Wina atandipatsa timu lero n'kundiuza kuti ndisankhe dalaivala mmodzi wa Lamlungu likubwerali, ndingatenge Verstappen, ndipo sindingaganize kawiri. Koma mpando wa woposa onse sindinamupatse, ndipo sindimupatsa kufikira nditamuona akugawana galaja ndi munthu wonga Leclerc, Russell kapena Norris, onse atapatsidwa zida ndi ufulu wofanana, monga Hamilton anachitira ndi Alonso asanamere n'komwe mizu m'masewerawa. Chaka cha 2026 chinabwera ndi malamulo atsopano akuti pafupifupi theka la mphamvu ya galimoto lizichokera ku magetsi, Red Bull inayamba kugwiritsa ntchito injini yopanga yokha mothandizana ndi Ford, ndipo Audi ndi Cadillac analowa m'bwalo. Mnzake wa Verstappen anakhala Isack Hadjar, mnyamata amene anali atangotha chaka chimodzi mu Formula 1, kutanthauza kuti amenewa sanali mayeso amene ndikufunawo. Hamilton naye, pa zaka 41, anapatsidwa galimoto yosiyana ndi zija zimene zinamuvuta kuyambira 2022, ndipo chimene ndimayamba kuyang'ana ndi kusiyana kwa nthawi yake ndi ya Leclerc Loweruka polimbirana malo oyambira.