Thanki ya etching yokhala ndi hita: imagwira bwino, koma pampu muikweze pamwamba

Thankiyi ndi ya etching, kutanthauza kuchotsa kopa wosafunika pa bolodi ya zamagetsi ndi mankhwala kuti patsale timizere todutsa magetsi. Ndi yapulasitiki, yoimirira, yopyapyala, ndipo imalowa malita awiri. Imabwera ndi hita yagalasi, themometa ndi kapampu kopopera mpweya kuchokera pansi. Pa nyenyezi zisanu ndikuipatsa zinayi.

Chogulira thanki imeneyi ndi hita basi. Sodium persulphate, mankhwala odya kopa, akazizira amachita ulesi. M'nyengo yachisanu bolodi imatha theka la ola kopa asanachoke, ndipo nthawi yonseyo mankhwalawo amakhala akudya timizere cham'mbali, kulowa kunsi kwa tona (inki ya printa yoteteza timizereto), mpaka tina tating'ono kuduka. Koma sungunulani magalamu 250 a persulphate pa lita imodzi ya madzi, mutenthetse kufika madigiri 45 a Celsius, pampu ikuwirawira: bolodi ya kopa wochindikala ma micron 35 (mamilimita 0.035) imayera mphindi 10 zisanakwane, timizere tili chakuthwa. Hita ya m'thanki ya nsomba siifika pamenepa, zambiri zimalekezera cha pa madigiri 32.

Musapyole madigiri 50. Persulphate akatenthetsa amatha mphamvu msanga, ndipo ngati m'malo mwake mwathiramo ferric chloride, mankhwala enanso odya kopa, amatulutsa mpweya wa asidi wotsamwitsa, womwe umachititsa dzimbiri zipangizo zachitsulo zimene zili pafupi. Manambala a pa kotembenuzira hita musawadalire kwambiri, yang'anani themometa.

Nyenyezi imodzi ndaichotsa chifukwa cha pampu. Kapaipi kake kalibe valavu yotchinga madzi obwerera. Magetsi akangothima, pampu ili pansi pa thanki, mankhwala amatsetsereka m'kapaipi kulowa m'pampu, kenako kutayikira patebulo. Ferric chloride akadontha pa nsalu, banga lake silichapika. Ikani pampu pa shelefu yoposa mlingo wa madziwo, kapena gulani kavalavu kapulasitiki komwe amagulitsa zosungira nsomba. Kachitsulo ayi, kadyeka.

Hitayo nayo imafuna chisamaliro. Imire mpaka pa mzere wake musanayatse. Mukamaliza zimitsani, mudikire izizire isanatuluke m'madzi, apo ayi galasi ling'aluka magetsi ali m'kati.

Madzi a persulphate akachita buluu wakuda ndiye kuti adzaza kopa, asintheni. Powasunga musamange kwambiri chivindikiro cha botolo chifukwa amatulutsa mpweya, ndipo musawataye m'ngalande kapena pafupi ndi chitsime, kopayo amapha nsomba.