Maselo ofiira ndi oyera a m'magazi amasiyana pati?

Dzulo kuno ku Mbare, mu Harare, mdzukulu wanga anabwera ndi homuweki ya sayansi ya maselo a m'magazi, akuti agogo tandithandizeni. Ofiirawo ndi ambiri zedi, ntchito yawo kunyamula okosijeni kuchoka m'mapapo kupita thupi lonse, ndipo akakhwima alibe nyukiliyasi (kachigawo kam'kati kolamulira selo), malo onse adzaza hemoglobini basi (chinthu chofiira chogwira okosijeniyo), amakhala masiku pafupifupi 120. Akachepa ndi paja munthu amamva chizungulire, m'zikhatho kuyera mbuu.

Oyerawo ndi ochepa koma nyukiliyasi ali nayo, ndiwo amalimbana ndi tizilombo. CD4 ija amayeza ku kiliniki ili m'gulu limeneli, ndiyo HIV imawononga, n'chifukwa chake ineyo oyerawa ndimawadera nkhawa kwambiri. Onse awiri amapangidwa m'mafuta a m'mafupa, mdzukuluyo anadabwa nazo.